Kukavula Amjomba Nsapato ku Katuli

Ndinanyamuka ku Zomba Lachinayi pa basi ya 6 koloko m'mawa, nditanyamula kachikwama ka zovala ndi chibuku cholemera cha mitsempha ndi ubongo wa nyama chomwe ndinabwereka ku laibulale. Ndinali m'chaka chachitatu ku yunivesite, ndipo Lolemba lake ndinali ndi mayeso. Mwana wanzeru akanakhala pansi n'kumawerenga. Koma m'kati mwa bukulo munali kalata ya azakhali anga, Abiti Twaibu, mkazi wa amjomba, ndipo sinali kalata yoti munthu n'kuiwerenga n'kukhalabe pansi.

Mawu ake anali ochepa: "Asiyatu, amjomba ako akuti Loweruka awoloka malire kukafukula mwendo wawo. Ife tonse atikanika. Bwera, mwina iwe wa sukulu akakumvera."

Amjomba, Che Bwanali, ndi mlongo wa amayi anga. Anakakwatira kutsidya ku Mozambiki ine ndili mwana, ndipo nkhondo itafika pamudzi pawo anathawa pamodzi ndi anzawo kulowera ku Katuli. Panjira anaponda bomba lokwirira pansi. Phazi lamanja linathera pomwepo, anzawo analikwirira mwaphuma patsinde pa msuku, iwo n'kuwanyamula mpaka kuno, komwe achipatala anawadula m'munsi mwa bondo. Tsopano patapita miyezi isanu ndi itatu, ankafuna kubwerera njira yomweyo. Chimene chinkandidya mumtima n'chakuti munthu woyenda ndi ndodo ziwiri amaponda malo atatu, ndiye bomba limene wamiyendo iwiri angaliphonye, iye sangaliphonye.

Kondakitala anandilanda K4.50, n'kundikankhira pampando umodzi ndi mayi wina wonenepa yemwe ankapita kukapikula usipa. Tisanafike n'komwe pa Malosa, mayiyo anali atasuzumira kale m'buku langa, pamene panali chithunzi cha chule wosendedwa.

"Mwana wanga, ku sukulu kwanuko mumaphunzira zophika achule?"

Ndinawafotokozera monyadira kuti timadula mwendo wa chule wakufa, n'kukhudza mtsempha wake ndi kawaya kochokera ku batire, ndipo mwendowo umapalasa ngati wamoyo. Ndinayembekezera kuti adabwa.

"Basi? Boma likukudyetsani katatu patsiku kuti muzidabwa zimenezo? Ine mlamba ndimaudula mutu, koma pachiwaya umavinabe. Palibe anandipatsa digiri."

Basi yonse inaseka, ine n'kutseka buku. Pa Liwonde mayi yemweyo anandigulira chimanga chootcha, akuti ndionde ndi mabuku koma osati ali pomwepo.

Kuchokera pa Ulongwe kutentha kunayamba kulankhula. Milambe inachuluka, kenako migwalangwa, ndipo kudzanja lamanja nyanja ya Malombe inkaonekera n'kubisala. Basi inkaima paliponse pamene munthu wakweza mkono, ngakhale amene ankangokanda m'khwapa. Tinafika pa Mangochi cha m'ma 11 koloko malaya atamatirira kumsana. Ndinadya mpunga wa nyemba mu kalesitilanti kena pafupi ndi msika, n'kuwoloka mlatho wa pa Shire wapansi. Kutsidya kunali gulu la anthu odikira matola, ambiri a iwo othawa nkhondo obwerera kuchokera kuchipatala, akulankhula Chiyao chosakaniza ndi Chipwitikizi.

Cha m'ma 1 koloko kunabwera lole yonyamula matumba a ufa wa othawa nkhondo. Dalaivala anati K3 mutu umodzi, ndipo amene akuopa kuyera asakwere. Tinakwera tonse. Ndinapeza malo kukona, pafupi ndi bambo wina wachikulire wovala kofia, atakumbatira tayala la njinga ngati mdzukulu.

Msewu wokwera mapiri opita ku Namwera ndi wokhotakhota, ndipo loleyo inkabuula ngati ikufuna kutiuza mawu otsiriza. Titapatukira kumsewu wafumbi wa ku Katuli, zinthu zinafika poipa. Pa dzenje lina tonse tinadumpha, ine n'kumenyetsa chigongono pachitsulo cha m'mbali. Moto unayenda mkono wonse mpaka kukathera ku kachala kakang'ono. Ndinayamba kukauzira ndi kukasisita kachalako, misozi ili lengelenge.

Bambo wa tayala uja anandiyang'ana modekha. "Mwanache, lole yakumenya chigongono, iwe ukupepesa chala?"

Ndinamuuza, mano ali gwa, kuti pachigongono pamadutsa mtsempha wochokera kuchalako, osati wa magazi ayi koma wonyamula uthenga kupita ku ubongo, ndiye ukagundidwa panjira, ubongo umayesa kuti zachitikira kuchala.

"Ohoo," anatero akugwedeza mutu. "Ndiye kuti chalacho chikulira maliro a eni ake."

Ndinaseka, koma sindinaganizirenso za mawuwo. Maganizo anga anali pa zimene ndikanene kwa amjomba, ndipo ndinali nditazikonza bwino m'mutu, mfundo yoyamba mpaka yachinayi, ngati yankho la mayeso.

Tinatsika pa Katuli cha m'ma 4 koloko tonse tili mbuu ngati atituwitsa dala. Kuchokera apo ndinayenda wapansi pafupifupi ola limodzi. Othawa nkhondo kumeneko sanali mumpanda ayi, anangomanga timisasa taudzu pakati pa abale awo, moti mlendo sakanadziwa wa kuno ndi wa kutsidya. Azakhali anandiona ndili patali, anathamanga chitenje chili m'manja, n'kundikumbatira mpaka ufa wanga unawayeretsa nawonso.

Amjomba anali pakhonde akuwongola masipoko a njinga ya munthu, pakuti imeneyo ndiyo inali ntchito yawo. Anali ataonda, koma pakamwa panali pomwepaja.

"Salaamu, adokotala a achule! Abiti Twaibu, mwaitanitsa boma kuti lidzandimange?"

Ndinagwada n'kuwapatsa moni. Ndili chigwadire, maso anga anagwera kuseri kwa chitseko. Panali kakhasu kakang'ono, ndi nsalu yoyera yatsopano yopindidwa bwino. Ndinadziwa kuti munthuyu sakuseka.

Titamwa thobwa, anandifotokozera okha. Tsiku lothawalo anavala nsapato za mlamu wawo, zomwe zinali zazing'ono, ndipo anzawo aja anakwirira phazi lija nsapato ili kuphazi, osalisambitsa, osalikulunga nsanda.

"Ndiye mpaka lero ikundithina, Asiyatu. Zala zapindika m'katimo, chingwe chandimanga apa," anatero akuloza m'malere, pansi pa bondo, pamene panalibe kanthu. "Chidendene chimayabwa, ndikati ndikande ndimakanda mphasa. Ndikungofuna ndikalivule nsapatoyo, ndilisambitse, ndiliike m'nsalu monga Msilamu. Likapuma ilo, ndipuma ine."

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Ndinatsegula chibuku chija n'kuyamba mfundo yoyamba. Ndinalankhula za ubongo, za msana, za mauthenga oyenda ngati magetsi, mawu ena n'kumawatchula m'Chingerezi chifukwa sindinkawadziwa m'chilankhulo china chilichonse. Kenako ndinawaonetsa chithunzi cha chule uja.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wa mlongo wanga wayenda kuchokera ku Zomba kudzandiuza kuti ndine chule."

"Ayi amjomba, ndimati..."

"Bukuli analemba ali ndi miyendo ingati?"

Ndinatseka chibuku chija.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndikumva. Loweruka ndinyamuka."

Anatero mosakwiya, n'kubwerera ku masipoko awo. Ndinachita manyazi, ndipo ndinachita mantha, chifukwa zaka zitatu za sukulu zinali zitathera pa funso limodzi.

M'mawa wa Lachisanu ndikusamba m'manja, ndinaona chigongono changa chitatupa, ndipo mawu a bambo wa tayala anandibwerera. Buku ndinalisiya m'nyumba. Ndinapempha amjomba kuti apinde mkono, n'kupempha azakhali kuti atenge sipanala yaing'ono awagogode pa kampata ka kuseri kwa chigongono.

"Zaka zonsezi ndimadikira mpata umenewu," anatero azakhali, n'kugogoda mosaumira.

"Mayo! Mkazi iwe!" Amjomba anakutumula dzanja, n'kugwira kachala kakang'ono.

"Amjomba, akumenyani pati?"

"Pachigongono."

"Nanga mwagwira pati?"

Anayang'ana chala, anayang'ana chigongono. Ndinaona kuti nkhani yalowa.

Ndinawauza kuti mitsempha imene inkachokera kuzala za phazi lija sinatsale patsinde pa msuku. Inadulidwa, koma nsonga zake zili pomwepo pansi pa bondo, ndipo zikadali kutumiza uthenga wa tsiku lomaliza lija. Ndinati ngati ndikunama, tifufuze, tikapanda kulipeza phazilo pamenepo ndiwanyamulira ndekha kakhasu.

Vuto linali loti mwana wamkazi sagwira mwendo wa amjomba ake, ngakhale atakhala ndi madigiri khumi. Komanso chichokereni kuchipatala sankalola munthu aliyense kukhudza pachilondapo, ngakhale chinali chitapola kalekale. Ankapakulunga chisanza n'kupabisa. Tinagwirizana kuti ine ndikhale pa mtondo kunja kwa khonde nditafulatira, azakhali akhale manja anga. Ntchito yanga yoyamba yeniyeni ya sayansi ndinaigwira nditayang'ana khola la nkhuku.

"Yambani kutsogolo, azakhali. Dinani ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono. Amjomba, mukumva pati?"

"Pomwe akudinapo."

"Sunthirani kunja, cham'mbali."

"Pomwepo basi. Mukungonditekenya."

Tinapita chonchi kwa nthawi ndithu. Thukuta linayamba kundituluka, ndipo mumtima ndinkapemphera kuti buku lija lisandichititse manyazi kawiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha n'kovuta pamene kakhasu kali kuseri kwa chitseko.

"Tsopano kumbuyo, azakhali, kumunsi kwenikweni."

Azakhali anadina. Kenako ndinamva amjomba akukoka mpweya.

"Ima! Ima pomwepo. Abiti Twaibu, wagwira chidendene changa."

"Chidendene chiti, bambo inu?"

"Changa! Kanda. Kanda, mama, usasiye."

Azakhali anakanda, ndipo bambo wamkulu uja anabuula ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Miyezi isanu ndi itatu chidendene chikuyabwa popanda wochikanda. Atasunthira pang'ono anapeza chala chachikulu, kenako pamwamba pa phazi pamene ankati pali chingwe. Azakhali anatenthetsa madzi, anabweretsa timafuta tophikira ta pa khadi la othawa nkhondo, n'kuyamba kusisita malo amenewo amjomba akuwalondolera.

"Apo, masula chingwecho. Pang'onopang'ono, nsapato ya eni ake."

Ndinamva azakhali akuseka, kenako kusekako kunasanduka kulira. Inenso ndinalira, nditafulatira chomwecho, nkhuku zikundiyang'ana.

Sindinama kuti ululu unatheratu. Nsapatoyo sinavuke tsiku limenelo, inangokhwefuka, ndipo mpaka ukalamba wawo inkabweranso kukazizira. Koma masana amenewo amjomba anapita ku mzikiti kukaswali Ijuma, ndipo pobwera anandiitana.

"Asiyatu, ndiye ukuti phazili linawoloka nane malire?"

"Mbali imene imamva inawoloka nanu, amjomba."

"Ndiye kutsidyako ndikakafukula nsapato ya mlamu wanga basi?"

"Ndi mafupa ochepa."

Anaganiza. "Mafupawo Mulungu akuwadziwa pamene ali, adzawatola yekha. Koma ngati phazili lili kuno, mawa ukalilembetse kwa akalaliki, nalonso lizilandira ufa."

Loweruka m'mawa kakhasu kaja ndinakaona m'manja mwa azakhali, akupita nako kudimba. Ine ndinkamanga kachikwama kanga kuti ndikapeze lole yobwerera ku Mangochi. Amjomba anatenga nsalu yoyera ija n'kundiponyera pamiyendo.

"Ndinamva kuti kwanuko mumavala zoyera podula achule. Kasoketse."

Paulendo wobwerera ndinakhala pakati pa lole, zigongono nditazibisa. Ndinafika ku Zomba Lamulungu masana, ndipo mayeso a Lolemba ndinakhoza mwapakatikati, chifukwa mutu umene ndinkaudziwa bwino kuposa onse sunabwere. Chimene ndinaphunzira paulendowu sichinali m'bukumo: munthu amene akumva kuwawa suyamba n'kumuuza chimene chikuchitika, umayamba n'kumufunsa pamene pakuwawa, n'kupafunafuna naye limodzi.

Nsalu ija ndinapita nayo kwa telala pamsika wa Zomba. Anaiyeza n'kupukusa mutu, akuti ya mwendo umodzi singakwane malaya a munthu wathunthu. Inangokwana matumba awiri ndi kolala, zomwe anazisokerera pa malaya anga akale a mu labu. Ndinawavala mpaka ndinamaliza sukulu, ndipo ndikapisa manja m'matumbamo ndinkakumbukira kuti nsaluyi inagulidwa kuti ipite m'manda, mwinanso pamodzi ndi mwini wake. Amjomba anakhala zaka zina zambiri akuwongola masipoko pa Katuli, ndipo m'mawa uliwonse asanatenge sipanala ankaitana mkazi wawo kuti adzawavule nsapato.