Amene Sakudziwa Akweze Lamanzere

Sabata yanga yomaliza ku Chinyunyu inali nyengo ya masuku. Mabeseni anali mbwee m'mbali mwa msewu waukulu, koma ine sindinkamva n'kukoma komwe. Koleji yathu ya ku Malawi inanditumiza ku Zambia miyezi itatu kukayeserera uphunzitsi, ndipo Lachinayi aphunzitsi athu a kukolejiko ankabwera kudzandiona ndikuphunzitsa. Amabwera kamodzi kokha. Akalemba kuti walephera, ndiye kuti ubwereza chaka chonse anzako akulandira masatifiketi.

Lachiwiri, mayi amene ankandiyang'anira, eni ake kalasi ya giredi 4, anandikokera kuseri kwa ofesi.

"Ba madamu, osayopa, kuno tili nayo njira," anatero. "Mukafunsa funso, ana onse akweza manja. Wodziwa akweza lamanja, wosadziwa lamanzere. Imwe muzisonta chabe a lamanja. Mlendo aona ngati kalasi yonse ni yanzeru."

Ndinaseka mpaka misozi, kenako ndinaona kuti iwo sakuseka. Ndisaname, ndinavomera. Mantha anali atandidya. Lachitatu tinayeserera, ana akusangalala ngati ndi masewera atsopano.

Kumbuyo kwenikweni kunkakhala mtsikana wamtali kuposa onse, amene anayamba sukulu mochedwa. Kwawo ankalankhula Chisoli, ndipo pamene ndinkafika sankatha kuwerenga ngakhale dzina lake. Ndinalimbana naye miyezi yonseyo anzake akaweruka. Ine ndine wamtima wapachala, aliyense kwathu amadziwa. Tsiku lina anandilakwitsira chilembo chimodzimodzi kasanu, ndinaponya choko kukhoma. Iye anakatola n'kundipatsa ndi manja awiri. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo, eee!

Lachinayi aphunzitsi a kukoleji aja anakhala kumbuyo ndi fayilo pamwendo. Zinthu zinayenda bwino mochititsa manyazi. Funso lililonse manja m'mwamba, yankho lililonse lolondola. Chakumapeto ndinalemba chiganizo pabolodi, chonena za amayi opita kumunda, n'kufunsa woti awerenge.

Mtsikana uja anakweza lamanja.

Ndinayesa wasokoneza. Ndinamuyang'ana, iye n'kundiyang'ananso osaphethira, dzanja lili chiimire. Mayi aja ali pakhomo anandipukusira mutu. Nthawi inali itatsala pang'ono, ndipo kutsogolo kunali ana atatu oti akanawerenga ngati madzi. Koma mwana uyu ndinamuvutitsa miyezi itatu ndikumuuza kuti angathe. Ndikanamudumpha bwanji?

Ndinamuloza.

Anaimirira. Liwu loyamba analitulutsa chidutswachidutswa, n'kuima. Ena anayamba kumunong'oneza. "Chete nonse!" ndinakuwa, mpaka alendowo anadzidzimuka. Anapitiriza, chala chili m'malere ngati akukhudza bolodi. Chitsulo chotulukira chinalira atatsala ndi mawu awiri. Palibe amene anasuntha. Anamaliza, n'kukhala pansi, n'kubisa nkhope m'manja. Ntchito yolemba sindinapereke, phunziro silinatsekedwe, koma ndinali wokondwa kuposa tsiku lina lililonse chibwerere.

Mu ofesi aphunzitsi aja anatsegula fayilo pang'onopang'ono.

"Za nthawi zija ndikanakukhululukirani," anatero. "Mwana uja mwamugwirira ntchito, ndaona. Koma manja amanzere aja ndawaonanso, mayi. Inetu ndinaphunzitsapo pulayimale."

Ndinafuna dothi litseguke. Ndikananena kuti nzeruzo sizinali zanga, koma amene anaima kutsogolo n'kumaloza ana ndinali ine.

"Simunandionetse kalasi yanu," anapitiriza. "Ndiye ndilemba kuti ndaona chiyani?"

Analemba kuti ndibwereze.

Ndinalira, ndipo ndinapsa mtima. Poyamba ndinapsera iwo, kenako mayi aja, amene anabwera akupepesa kuti njirayo sinawakanikepo. Pofika Lachisanu mkwiyo wonse unali utabwerera kwa mwini wake. Miyezi itatu ndinaphunzitsa moona, ndikudzuka m'mamawa kukonzekera, ndikuphunzira moni wa Chisoli kuti makolo andimasukire. Ndinadzaononga zonsezo ndi bodza la ola limodzi losakwana n'komwe.

Loweruka ndinaima pamsewu ndi chikwama kudikira basi ya ku Chipata. Kunyumba ku Mchinji anali ataitana kale abale kudzandilandira, atasankhanso mbuzi yoti aphe. Ndinayenda uku ndi uku kufuna netiweki, n'kuimbira bambo anga.

"Bambo, mbuzi ija musaphe. Ndalephera, ndipo ndalephera ndekha."

Anandifunsa, nkhuku zikumveka kumbali kwawoko:

"Ndiye basi, ubwere uzitithandiza kumunda?"

"Ndilima nanu mpaka sukulu zitsegulidwe," ndinatero. "Zikatsegulidwa ndikubwerera kukoleji. Pali mwana kuno amene wawerenga Lachinayi, ndipo ndamuphunzitsa ndine."