Kachikwama ka majakisoni

Achimwene a Yamikani, lero apolisi awiri anakwera basi yomwe ndinalimo ndi mwana wanga Tadala, ndiye ndakukumbukirani. Tsiku lija pa siteshoni ya Leeds kuno ku Mangalande, titaona apolisi akusecha anthu, munatulutsa kachikwama ka majakisoni anu a shuga n'kukaponya m'bini. Munati, "Akandipeza nawo aziti ndimadzibaya mankhwala ozunguza bongo. Mapepala anga okhalira m'dziko lino sanatuluke, iwe, andikweza ndege." Ine ndinati mwachita bwino. Kuyambira pamenepo munkawasiya kunyumba popita ku ntchito, ngakhale shifiti italike bwanji, mpaka tsiku lomwe munagwa m'weyahausi yosungiramo katundu ku Wakefield osadzukanso.

Nesi wina anadzandiuza, maliro atadutsa kale, kuti kuno kulibe lamulo loletsa munthu kuyenda ndi majakisoni ake. Panopa Tadala nayenso amupeza ndi shuga, mwana wa zaka zinayi. Kachikwama kake ndimanyamula ndine, ndipo kalata ya adokotala ili momwemo. Zoti si mlandu ndikuzidziwa bwinobwino. Koma lero wapolisi mmodzi atangondiyang'ana, achimwene, maso anga anayamba kufunafuna bini.