Njira Yaitali ya Amalume

Pa kaliyala ya njinga ya amalume panali kansanza ka chitenje chobiriwira, kopindapinda, komangidwa ndi mphira. Ndi pomwe ndinkakhala popita kusukulu dzinja lija, nditafukatira dengu la usipa wouma womwe iwo ankakagulitsa kumsika. Fungo lake linkalowa mpaka mu yunifomu, anzanga n'kumanditcha Nausipa.

Amalume anali atangosiya mowa. Kachasu anali atawathawitsira mkazi, ndipo mayi anga ndiwo ankawatola m'mbali mwa msewu. Kenako kutchalitchi kwathu ku Nkhudzi kunachitika msonkhano wa chitsitsimutso, iwo anapita kutsogolo kukawapempherera, nabwerako munthu wina. Mayi ankangoti, "Achimwene awa wawagwira ndi Mulungu, ife tinalephera."

Ine ndinali ndi dandaulo langa. Njira yachidule inkadutsa pansi pa mtengo wa mango pomwe anthu ankamwera kachasu, ndipo amalume analeka kudzerako. Tinkazungulira kuseri kwa mzikiti, mumchenga wozama momwe njinga inkakana kuyenda. Tinkatsika, iwo akukoka, ine ndikukankha, thukuta lili kamukamu. Kusukulu ndinkafika belu litalira kale, aphunzitsi n'kundipatsa tsache.

Tsiku lina mtima unandikwera. "Amalume, si mumati Mulungu anakusinthani? Nanga tikuthawa chiyani?"

Anaseka mpaka njinga inatsala pang'ono kugwa. "Mphwanga, Ambuye anandichotsera mowa mumtima, koma mphuno anandisiyira."

Lero ndimaphunzitsa ana a Sande sukulu, ndipo ndamva maulaliki ambiri onena za chisomo ndi khama. Sindinamvepo woposa mawu amenewa. Koma nthawi imeneyo ndinangoona kuti akulu amakonda kuvutitsa ana.

Kenako kunagwa chimvula, njira yathu inasanduka dambo. Usipa unkayenera kufika kumsika usananyowe, choncho panalibe kuchitira mwina koma kudzera pa mtengo wa mango paja. Amalume anaima pa mphambano, naweramitsa mutu kanthawi. Ataweramuka anati, "Uimbe nyimbo ya kutchalitchi, iliyonse, ndipo usasiye."

Ndinaimba. Fungo linatichingamira tisanafike pamtengo paja, lotsekemera ngati nthochi zovunda. Anzawo akale anaimirira, makapu ali m'mwamba. "Abusa! Tabwerani mudzatidalitsire, lero ndi kachasu wamutu, waukali uja!" Njinga inayamba kuchepa liwiro. Ndinaona shati yawo itanyowa pamsana, phazi limodzi likufunafuna pansi. Ndinakweza mawu mpaka agalu anauwa. Mwadzidzidzi amalume anaimirira pa mapedulo, njinga inalumpha, matope anathovukira omwa mowa aja, usipa wina n'kumwazika mumsewu nkhuku zikuulimbirana.

Tsiku limenelo ndinafika belu lisanalire. Amalume anatsika akuseka, misozi ili m'masaya. Anagwira mpanda wa sukulu, nati, "Zikomo Ambuye, mwandidutsitsa."

Ndinaganiza kuti basi, tapambana, mchenga tatsanzikana nawo. Koma njira itangouma, tinabwereranso kuseri kwa mzikiti. Pofika nthawi yokolola, akazi awo anabwerera ndi katundu pamutu, ndipo mayi anawalandira ndi nthungululu zomveka mpaka kugombe.

Chomwe chinkandisautsa ine chinali zikomo uja. Anapalasa ndi amalume, ndinaona ndi maso anga mitsempha itatupa m'akatumba mwawo. Anaimba ndine, mpaka mawu anandithera sabata yonse. Koma kuthokoza konse kunapita kwa amene sindinamuone atagwirako ngakhale hendulo. Ndinafunsa mayi ngati zimenezi zinali zachilungamo. Iwo anangoti, "Nanga mphamvu yofunira kudutsa anaitenga kuti?"

Ndinawayang'ana, ndinayang'ana miyendo yowonda ya amalume, koma sindinaone pomwe mphamvu imeneyo ikanalowera.