Siponji m'khwapa mwa a Kwezani

Amuna anga akhala akugwira anthu m'nthiti kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe anawamangitsapo, chifukwa ndiyo inali ntchito yawo. Ku bwalo la ndege, munthu asanalowe m'chipinda chodikirira, pali khomo pomwe amavula lamba ndi nsapato, n'kuima atatambasula manja. Pakhomo limenelo ndi pomwe ankaima amuna anga atavala magolovesi. Mawu awo oyamba kwa wapaulendo aliyense anali akuti “Kwezani manja,” mpaka mawuwo anasanduka dzina. Kuntchito, kutchalitchi, ngakhale kwa makolo anga, aliyense amawatchula kuti a Kwezani.

Ine ndine telala. Ndinawadziwa atabwera ndi thalauza la yunifolomu loti ndiwachepetsere. Nditawazunguliza tepi m'chiuno analumpha ngati aponda khala la moto, anagwetsa ayironi yanga, n'kuyamba kuseka misozi ili chuchuchu. Tsiku limenelo ndinadziwa chinsinsi chomwe ndasunga ukwati wanga wonse: a Kwezani sagwirika. Kungowakhudza m'khwapa kapena m'nthiti, amagirigishika mpaka kukhala pansi. Thalauza lija ndinaliyeza ndi maso, ndipo zovala zawo zonse ndimayeza ndi maso mpaka lero.

Ntchito yawo ankaikonda moti nthawi zina ndinkaichitira nsanje. Anali ndi malamulo awoawo omwe sanalembedwe m'buku lililonse. Asanagwire munthu ankayamba atikita manja kuti afunde, ati dzanja lozizira ndi mwano. Ankayambira pa kolala, kutsika m'mapewa, m'nthiti, m'chiuno, kukathera m'masokosi. Ankanena mwaulemu kuti, “Ndikugwirani pang'ono, bwana,” koma ponena mawuwo manja amakhala atafika kale pa kolala. Zomwe anapeza m'zaka zimenezi mukhoza kutsegulira shopu: malezala m'zipewa, sizasi m'nsapato, mazira owiritsa m'masokosi, ndiponso nkhunda yamoyo m'dzanja la jekete, yomwe mwini wake analumbira kuti sakuidziwa.

Lamulo lalikulu pa onse linali lakuti mwamuna agwire mwamuna, mkazi agwire mkazi. Lamulo limeneli ankabwera nalo mpaka kunyumba. Ana athu aamuna awiri anakula akufufuzidwa pakhomo akamachokera kocheza, pamene ine ndi mwana wathu wamkazi tinkadutsa ngati nduna. A Kwezani ankanyadira kuti ndudu sinalowepo m'nyumba mwawo. Anawo atakula anatiululira kuti ndudu zonse ankalowa nazo ndi mlongo wawo.

Lamlungu lililonse masana kunkabwera achimwene anga. Ine ndinkakhala nditasokerera kanthu mu jekete yakale, kaya ndi kiyi, pini kapena kasupuni, pamalo pomwe ndikudziwa ine ndekha. Achimwene ankavala jeketeyo n'kuima pakhonde atatambasula manja, a Kwezani n'kufufuza. Sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Musaganize kuti achimwene ankabwerera chitetezo cha dziko, iwo ankabwerera tiyi ndi buledi.

Chaka chatha ku bwalo kuja kunafika makina atsopano, omwe antchito anawatcha kabati yagalasi. Munthu amalowamo, amakweza manja, kabati imalira pang'ono, ndipo pa sikirini pamaoneka chithunzi cha kachidole. Ngati munthuyo wabisa kanthu, pa kachidolepo pamayaka kabokosi kachikasu pamalo pomwe pali chinthucho. Mkangano unabuka paliponse. Ena ankati kabatiyo imavula anthu, ena ankati bola kuvulidwa ndi galasi kusiyana ndi kupapasidwa ndi bambo wosamudziwa. Mkanganowo unafika mpaka pakhonde pathu.

“Alamu, ine ndamva kuti kabati ija imaona mpaka zomwe munthu wadya,” anatero achimwene.

“Siona kanthu,” anayankha a Kwezani. “Thukuta imati ndi bomba. Batani imati ndi mpeni. Komanso ilibe ulemu. Munayamba mwamvapo kabati ikupereka moni?”

“Koma siigwira munthu m'ntchafu,” ndinalowererapo ine.

“Mayi, inu muli mbali iti?”

“Ndili mbali ya makasitomala anga. Amabwera kuno akudandaula kuti mwawamasulira misoko.”

Patapita mwezi, Lachisanu lina, anabwera kunyumba dzuwa likadalipo, n'kukhala pampando osavula nsapato. Anandifotokozera kuti abwana awo alengeza zinthu ziwiri. Choyamba, mwa amuna asanu ndi mmodzi ogwira anthu, pakhomo patsala awiri okha, oti azipapasa pomwe kabati yaloza. Otsalawo apita ku mabeseni, kukalandira malamba ndi nsapato za apaulendo. Lolemba kubwera akuluakulu a ku likulu kudzasankha awiriwo. Chachiwiri ndi chomwe chinawaopsa kwambiri. Popeza apaulendo ankadandaula kuti ogwira anthu sadziwa mmene kugwidwa kumamvekera, aliyense wa iwo adzagwidwa ndi mnzake pamaso pa alendowo.

“Mayi, andigwira,” anatero ndi mawu a munthu yemwe wauzidwa za maliro.

Ndinawamvera chisoni kwambiri. Zoseketsa zilipo, koma khomo lija linali moyo wa bambo ameneyu, ndipo anali atatsala ndi zaka ziwiri zokha kuti apume pantchito. Ankafuna kudzachokera pakhomo pawo, osati pa beseni la nsapato za eni. Paja amati mutu umodzi susenza denga. Ife tinalisenza awiri, ndipo nzeru yoligwetsera inachokera kwa ine.

Loweruka m'mawa ndinang'amba khushoni ya sofa yakale n'kutulutsa siponji. Ndinaidula mapisi anayi, ndinaisenga m'mbali kuti isaoneke, ndinamasula nsalu ya m'kati mwa jekete ya yunifolomu, n'kusokereramo awiri m'khwapa, awiri m'nthiti. Sindikudzitama, koma ntchito imeneyo inali yabwino kuposa madiresi onse a ukwati omwe ndinasokapo. Atavala ndinawabaya ndi chala m'nthiti. Anaima chilili. Ndinawabayanso ndi zala zisanu, iwo n'kumangoyang'ana kudenga. Ankangooneka ngati anenepa pang'ono, zomwe pa msinkhu wawo palibe angadabwe nazo.

Lolemba antchito anauzidwa kubweretsa abale oti adzakhale ngati apaulendo, choncho ine ndi achimwene tinapita nawo. Alendo a ku likulu anali atatu, ndipo wamkulu wawo anali mayi wina wa magalasi yemwe ankalemba chilichonse m'kabuku. Anatipatsa tinthu toti tibise m'zovala, n'kutiuza kuti tidutse kaye m'kabati, kenako m'manja.

Gawo loyambalo a Kwezani anawala. Achimwene atalowa m'kabati, kachidole kanayaka kumsana konse chifukwa cha thukuta, koma kapini komwe anabisa m'kolala kabati sinakaone. A Kwezani anatikita manja, anafika pa kolala, ndipo anakatulutsa asanamalize n'komwe kunena kuti “bwana.” Mayi wa magalasi analemba mzere wautali. Ine mtima unali m'malo.

Kenako inafika nthawi yogwirana. Wogwira a Kwezani anali mnzawo wakale yemwe amamutcha Chindevu. A Kwezani anakweza manja. Chindevu anadutsa m'mapewa, analowa m'khwapa, anatsika m'nthiti, amuna anga ali njo ngati mzati wa magetsi, nkhope ya munthu woti akumujambula chithunzi cha chiphaso.

“Alibe kanthu,” anatero Chindevu.

Anthu anawomba m'manja. Zikanathera pomwepo, bwenzi lero ndikukamba nkhani ina. Koma mayi wa magalasi anatseka kabuku kake akumwetulira n'kunena kuti, “Tisanatseke, mkulu wathuyu alowe m'kabati timujambule. Zikhala zokongola, wakale ndi watsopano pamodzi.”

Pa zonse zomwe tinaganiza Loweruka lija, kabati sitinaiganizire. Tinkakonzekera manja basi, chifukwa m'nyumba mwathu manja ndiwo anali chinthu chokhacho choopsa. A Kwezani anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nsapato zanga. Analowa. Palibe anawauza kuti akweze manja, anakweza okha. Kabati inalira, ndipo kachidole kanayaka chikasu kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno, mbali zonse ziwiri.

Abwana awo anayamba kunena kuti mwina makina asokonezeka, koma a Kwezani anawadula.

“Lamulo likuti pakayaka chikasu, munthu avule jekete ndipo agwidwe pomwe payakapo,” anatero. “Lamulo silisankha.”

Anavula jekete n'kuipereka. Mayi wa magalasi anaifinya m'khwapa, jekete inabwerera yokha. Anaifinyanso.

“Bambo, muli chiyani umu?”

“Sofa, mayi.”

Chindevu anayandikira n'kukhudza nthiti zomwe tsopano zinali ndi shati yokha. Sindinamvepo phokoso lotero kuchokera mwa munthu wamkulu chibadwire. A Kwezani anakuwa, anapindika, anabwerera chambuyo akuseka, anagunda tebulo la mabeseni, ndipo malamba, mawotchi ndi nsapato za abale a antchito zinamwazika pansi ponse. Chindevu, pofuna kumaliza ntchito monga anaphunzitsidwira ndi a Kwezani omwewo, anawatsatira pansi pomwepo n'kumapitiriza mbali inayo. Amuna anga ankapalasa miyendo akupempha kuti, “Basi, mnzanga, basi, ndavomera.” Woseka kwambiri m'chipinda chonsecho anali achimwene anga, munthu yemwe wamwa tiyi wathu zaka zonsezi.

Atadzuka n'kupukuta misozi, mayi wa magalasi anatsegulanso kabuku.

“Ndiye kuti khushoni yathunthu inadutsa m'manja osaoneka, koma kabati inaiona?”

A Kwezani akanatha kunena kuti Chindevu anawagwira mwaulemu chifukwa ndi mkulu wake. Akanatha kuloza ine. Anangoimirira bwinobwino, shati ili panja, n'kunena kuti, “Inde, mayi. Dzanja linadutsa.”

Mayina awiri anatuluka tsiku lomwelo, ndipo lawo panalibe. La Chindevu panalibenso. Titafika kunyumba ndinatenga kalezala n'kuyamba kumasula siponji ija.

“Pepani bambo,” ndinatero. “Ndakuchotsani pakhomo panu ndine.”

“Munasoka bwino, mayi. Vuto lake ndi lomwelo.” Kenako anafunsa, “Kodi apaulendo aja amamva chonchija? Kuima manja ali m'mwamba, anthu akukuyang'ana, iwe osadziwa kuti dzanja lifika pati?”

“Ena amamva choncho.”

“Ndiye bwanji sankanena?”

“Munkawapatsa mpata?”

M'mawa mwake anapita ku mabeseni, jekete itabwerera mwakale. Amagwira bwino, sindinganame. Ndamva kuti amapinda malamba a anthu mwadongosolo ndipo nsapato amaziika moyang'ana mbali imodzi. Koma akabwera kunyumba sakamba za kuntchito, pamene kale tinkadya chakudya chamadzulo ndi nkhani za masokosi a anthu.

Lamlungu lotsatira achimwene sanabwere. Anatumiza uthenga woti akudwala mutu, koma tonse tinadziwa kuti ndi manyazi a kuseka kuja. Ndinatereka madzi a tiyi, ndipo posuzumira pawindo ndinaona a Kwezani atakhala pakhonde okhaokha, akutikita manja mosadziwa, kenako n'kuwaika pamaondo chifukwa panalibe woti amugwire. Zinandipweteka mumtima kuposa tsiku la kabati lija.

Ndinatuluka, ndinaima patsogolo pawo, n'kutambasula manja.

“Mukutani, mayi?”

“Ndili paulendo. Ndifufuzeni.”

“Mukudziwa lamulo. Mkazi agwire mkazi.”

“Lamulo limenelo ndi la anthu a pakhomo. Inu ndinu a ku mabeseni.”

Anaimirira. Anatikita manja mpaka anafunda. Anati, “Ndikugwirani pang'ono, mayi,” ndipo manja anawasiya m'mwamba, osafika pa kolala. Ndinadabwa kuti chavuta n'chiyani, mpaka ndinazindikira kuti akudikira yankho.

“Gwirani,” ndinatero.

Anayambira pa kolala ya diresi, anatsika m'mapewa, anayenda ndi msoko uliwonse mpaka kumpendero, anabwereranso pamwamba. Nkhope inasintha, inakhala ya munthu yemwe ali pantchito.

“Mwabisa pati? Si pini. Kiyi ndikanaimva kale. Musandiuze, ndichipeza ndekha.”

Ine sindinabise kanthu, ndipo sindinawauze. Anayambiranso pa kolala kachitatu, ine manja ali m'mwamba akuwawa, uku m'khitchini madzi a tiyi akuphwera pamoto.