Masamba Makumi Awiri a Mai Tembo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera pa gulu la pa foni la Amalawi okhala ku Dubai. Ndinali ndi digiri ya uphunzitsi wa Chingelezi, koma kumudzi ntchito sinapezeke, ndiye ndinatsatira achemwali anga amene ankagulitsa m'shopu. Korona anandipeza ndikugona pa matiresi m'chipinda chawo. Maofesi atayambanso kutsegula, wina analemba pagulupo kuti kampani ina ku Jumeirah Lake Towers ikufuna munthu wodziwa kukonza Chingelezi. Ndinapita nditavala masiki, anandiyesa ndi ndime imodzi, anandilemba.

Kampaniyo inkathandiza anthu kufunsira malo m'mayunivesite akunja. Munthu aliyense ankakhala ndi foda yake pa kompyuta: pasipoti, masatifiketi ojambulidwa pa sikana, makalata awiri a umboni, ndi kalata yofotokoza chifukwa chimene akufunira maphunzirowo. Ine ndinkakonza galamala, kusandutsa zonse kukhala PDF, kenako kuzikweza pa webusaiti ya yunivesite. Bwana wanga, Madamu Farida, ankangoti, "Yalla, fulumira, Asiyatu, tsiku lotseka silidikira munthu."

Ambiri ankafuna za bizinesi kapena uinjiniya. Ndiye tsiku lina kunabwera Mai Tembo, mayi wa ku Chipata wa zaka pafupifupi makumi asanu. Ankayang'anira ochapa zovala pa hotela ina ku Jumeirah, ndipo alendo atasiya kubwera mabwana awo anawauza kuti ayambe akhala kunyumba. Digiri anaitenga kalekale ku Lusaka. Anati akufuna digiri yachiwiri, masitazi ya kulemba nkhani zopeka.

Ine sindinkadziwa kuti maphunziro oterowo alipo. Ndinatha sabata ndikuwerenga mawebusaiti ngati ndine wofunsira malo. Ndinapeza kuti m'kalasi mumakhala anthu khumi kapena kuposerapo pang'ono, aliyense amabweretsa nkhani yake, anzake n'kumaikambirana iye ali chete. Kwina amaika mtima kwambiri pa ndakatulo, kwina pa mabuku aatali. Kwina umapita wekha, kwina nthawi imeneyo ankaphunzira pa vidiyo. Koma onse ankafuna chinthu chimodzi kuposa magiredi: masamba makumi awiri a zolemba zako. Tinasankha mayunivesite anayi a ku Ulaya.

Nkhani ya Mai Tembo inali ya mtsikana wantchito wa m'nyumba amene amadziwa banja lonse la abwana ake kudzera m'matumba a zovala zochapa. Ndinaikonda, koma Chingelezi chake chinandiopsa. Anthu a m'nkhanimo ankayankhula Chingelezi cha ku Lusaka, chosakaniza ndi Chinyanja, ziganizo zina zopanda mneni. Ndinachita zimene ndinkachita tsiku lililonse. Ndinawongola zonse, ndinachotsa Chinyanja, ndipo ndinasunga pa failo yomwe ija anabwera nayo pa fulashi.

Mayunivesite awiri ankatseka kulandira mafomu tsiku limodzi, nthawi ya 12 koloko masana kwawoko, kuno ku Dubai ili 4 koloko madzulo. Mai Tembo anafika cha m'ma 10 m'mawa kudzaona komaliza. Anakhala kuseri kwa galasi lotchinga pa desiki yanga, ine ndinawatembenuzira sikirini. Anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, kenako anavula magalasi awo chifukwa masiki inkawachititsa nthunzi.

"Mwana wanga, uyu wamene akamba apa ni ndani?"

"Ndi mtsikana wanu uja, amai. Ndangokonza zolakwika."

"Mtsikana wanga sakamba so. Uyu ni tichala. Bwezapo zamene ninalemba."

Ndinatsegula fulashi ndikudziwa kale zimene ndipeze. Nkhani yawo yeniyeni kunalibe. Madamu Farida atamva anabwera, n'kufunsa funso limodzi: "Unawafunsa usanasinthe?" Ndinati ayi. Sanandikalipire. Anangochotsa mafailo ena onse pa desiki yanga, nati, "Lero uli ndi kasitomala mmodzi."

Mwayi wake, Mai Tembo ankayamba kulemba pamanja. Anakwera takisi kukatenga kope lawo, n'kubwera nalo itakwana 12. Iwo ankawerenga mokweza, ine ndikutaipa. Poyamba chala changa chinkathamangira kukonza, iwo n'kuti, "Siya chabe." Pofika tsamba lachisanu ndinasiya kumva zolakwika, ndinayamba kumva munthu. Pamene mtsikana uja amapeza mphete m'thumba la malaya a abwana aamuna, chiganizo chinali cha mawu atatu okha, ndipo ine dzulo lake ndinali nditachitalikitsa kukhala mizere iwiri. Ndinachita manyazi. Tinakweza failo yachiwiri kutatsala mphindi zosakwana khumi. Mai Tembo anatseka kope, nati, "Khalas, zatha."

Patatha miyezi itatu mayankho anabwera. Awiri anakana, awiri anavomera. Imodzi inali yunivesite yotchuka ya mumzinda waukulu, inayo yaing'ono, ya m'tauni imene ndinachita kuifufuza pa mapu. Ndinawakonzera tebulo lofananitsa: kukula kwa kalasi, kutalika kwa maphunziro, za viza, thandizo la fizi, mayina a aphunzitsi. Mumtima ndinkafuna asankhe yotchukayo, ndipo ndinawauza.

Iwo anayang'ana tebulolo pang'ono, kenako anapempha kuti ndiwasindikizire makalata awiri owavomerawo. Ya yotchuka inali yofanana ndi imene aliyense amalandira, dzina lokha ndi limene linasintha. Ya yaing'ono inali ndi ndime yowonjezera yochokera kwa mphunzitsi wina. Ankafunsa ngati mtsikana uja adzabweze mpheteyo, ndipo anapempha kuti Chinyanja chisachotsedwe.

"Uyu anawerenga," anatero Mai Tembo. "Nizapita kwa uyu."

Anayamba kuphunzira pa vidiyo ali ku Dubai konkuno, kenako ananyamuka maulendo atatseguka. Ine ndinakhala pa kampaniyo zaka ziwiri, ndipo onse ofuna za kulemba ankawatumiza kwa ine. Mpaka lero, munthu akandipatsa zolemba zake, ndimayamba ndasunga kope losakhudzidwa. Kenako ndimamupempha kuti andiwerengere tsamba limodzi mokweza, ndimve kaye mmene amayankhulira, ndisanagwire ngakhale chilembo chimodzi.