Mbale Zapepala za Shefu

Amene anandipachika ndi supavaiza wathu, mwana wa kwathu ku Malawi, wovala tayi m'khitchini ngati akupita kuukwati. Mpaka lero akandiona amayang'ana kumbali.

Ine ndinkatsuka mbale pa lesitilanti ya Chijapani mu hotela ina ku Al Barsha, kuno kwa Aluya. Sinki inali yanga, ndipo sindinaswepo ngakhale kapu.

Ndiye tsiku lina ndili pa ofu, kunabwera mbale zatsopano zochokera ku Japani. Zapepala. Shefu, mdala wa Chijapani, anaitana onse n'kuwauza kuti zimenezi sanyika m'madzi, amangopukuta ndi kansalu konyowa. Supavaiza anauzidwa kuti adzandiuze. Anandiuza? Ayi.

M'mawa mwake, nthawi ya lanchi, mbale zija zinandipeza pa sinki. Kunyamula imodzi, yopepuka ngati tsamba louma, yabulauni, tiulusi tikuoneka m'kati. Pepala ndithu. Ndinamufunsa supavaiza, "Achimwene, izi n'zotaya?" Iye ali pa foni, akuseka ndi chibwenzi, anangokupiza dzanja. "Yalla, yalla madala, musandichedwetse."

Tsono inu, mbale yapepala amaitani? Paukwati, pamaliro, ngakhale pogula shawarma ku Al Nahda, ukadya umataya. Ndinataya. Zonse m'thumba lakuda, kumanga bwinobwino, n'kukaponya m'makina opsinja zinyalala.

Madzulo shefu akufuna mbale zake. Ndinakalowa ndekha m'zinyalala muja, kutentha kwa kuno mukukudziwa, fungo la nsomba mpaka kukhosi. Ndinazipeza zitaphwatalala ngati chipewa choti munthu wachikhalira.

Shefu sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatenga imodzi n'kumaiwongola ndi chala pang'onopang'ono. Akuti pepalalo amapanga ndi manja kuchokera ku khungwa la mtengo, kulitsuka m'madzi ozizira, kumata lina pamwamba pa linzake, kenako kupaka utomoni kuti lilimbe. Amene anazipanga ndi mnzake wa kumudzi kwawo, wokalamba, manja ayamba kale kunjenjemera. Zinandipweteka. Ine khungwa ndimalidziwa, luzi ndasenda ndili mwana.

Manejala atafunsa ngati ndinauzidwa, supavaiza anati, "Yes sir, ndinamuuza." Ine ndili pomwepo! Ndinayesa kuyankha, Chizungu chinandithawa. Manejala anangoti, "Khalas, nkhani yatha."

Pano anandichotsa pa sinki, ndili ku chipinda cha zinyalala kuseri, kopanda AC. Anyamata akamadutsa amandionetsa mbale yadothi n'kufunsa, "Baba, iyinso titaye?" Amaseka. Shefu ndikam'patsa moni amangogwedeza mutu, ndipo ndikudziwa akuganiza kuti ndinamva koma sindinasamale. Chimene chimandiwawa n'chimenecho.

Tsiku lina supavaiza anabwera kuseri kuja ndi kapu ya tiyi wa karak. "Madala, tingoiwala, tonse tinabwera kudzasaka." Tiyi wakeyo anazizira pawindo pomwepo.

Pepani wa kuseri kwa mabini sindikumufuna. Supavaizayo aime pa briefing ya m'mawa, shefu ali pomwepo, anene ndi Chizungu chake chomwecho kuti sanandiuze. Akatero andibwezere sinki yanga.