Chilombo cha Mkulu Wogulitsa Mpunga

Ndili ndi pakamwa pofulumira, ndipo aliyense amene anakhalapo nane benchi imodzi angakuuzeni zimenezi. Mayi anga ankati ndinabadwa ndikuyankha funso lomwe sanandifunse. Ntchito yanga ndi yokonza malaputopu ndi mafoni m'kachipinda kena m'tauni ya Mzuzu, ndipo ntchito imeneyi imamuwononga munthu. Tsiku lonse anthu amakubweretsera zinthu zomwe sakuzimvetsa, iwe n'kumawauza chavuta, iwo n'kumangovomera. Pakapita zaka umayamba kuganiza kuti sungalakwitse.

Nthawi imeneyo tinali ndi kagulu kathu kosewera gemu yogwira zilombo. Kwa amene simunaionepo, imaseweredwa pa kamakina kam'manja. Umayenda m'tchire la m'gemumo kugwira zilombo zamitundumitundu, n'kumazilera, kuzimenyanitsa ndi za anzako, mwinanso kusinthana. Musaseke. Tinali anthu akuluakulu ndithu, ena aphunzitsi, mmodzi namwino, ndipo Loweruka lililonse masana tinkakumana pakhonde la mnzathu wina ku Katoto. Ine ndinkachoka ku Nkhorongo pa kabaza, makina ali m'thumba lam'kati la jekete kuopa mvula yakuno yosapangana. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anagula makina atsopano. Makina onse anali otha ntchito kumayiko a eni ake, obwera m'makatoni, okalikakalika, mabatire ake ofooka.

Zilombo zina sizigwidwa m'tchire. Eni gemu amazigawa pa intaneti ngati mphatso kwa masabata ochepa, ndipo nthawiyo ikatha yatha, sizibweranso. Ndiye pali anthu ochenjera amene amapanga zabodza pa kompyuta. Chaka china munthu wina anabwera nazo zoterozo, natikwapula tonse milungu itatu yotsatizana tisanamutulukire. Kuyambira pamenepo gulu linagwirizana kuti chilombo chilichonse champhatso chizidutsa kaye m'manja mwanga. Ndinali ndi pulogalamu pa laputopu yomwe imatsegula fayilo ya chilombo n'kuonetsa mbiri yake yonse: anachilandira ndani, mwa njira yanji, tsiku liti. Zonse zikagwirizana, inkaonetsa chizindikiro chobiriwira. Zikasemphana, chofiira. Anzanga anayamba kunditchula kuti a majisitireti, ndipo tsoka langa, dzinalo linandikomera chomene.

M'gulumo munali mkulu wina wogulitsa mpunga ndi nyemba mumsika waukulu. Anali Msilamu wochokera ku Mangochi, wamkulu kuposa tonsefe, wofatsa, Chichewa chake chosalala chakumwera. Chitumbuka ankangodziwa "monire" wa moni ndi "yewo" wa zikomo basi, ndipo nthawi zina ankazisinthanitsa, ife n'kumafa nalo phwete iye akuseka nafe. Gemu anaiphunzira kwa mwana wake wamkazi, amene popita kusukulu yogonera komweko anamusiyira makina kuti azimusamalira zilombo zake. Ndine amene ndinamuitanira kugulu, tsiku lomwe anabwera kudzakonzetsa chaja. Anandiuzapo kuti Loweruka ndi tsiku lokhalo limene anthu a ku Mzuzu amamulankhula osayamba ndi kufunsa mtengo wa mpunga. Mumsika ankadziwika ndi chinthu chimodzi, sikelo yake. Amayi ankatumana kuti ukagule kwa mkulu wa kapu yoyera uja, saba.

Miyezi yozizira ya chaka china, eni gemu anagawa chilombo chosowa, chonga mbawala koma chamapiko. Tonse tinachiphonya. Magetsi ankazimazima, netiweki inkathawa, ndipo ine ndemwe ndinayesa kanayi osaphula kanthu. Ndiye Loweruka lina mkuluyu anafika pakhonde paja akumwetulira mpaka m'makutu.

"Achimwene, taonani ichi," anatero akundipatsa makina. "Ndachipeza Lachisanu ndikuchokera kumzikiti. Ndinaima kuseri kwa sitolo, foni m'mwamba kusaka netiweki ngati ndikuimitsa minibasi, mpaka chinalowa. Mwana wanga akabwera pa holide agwa nacho pansi."

Ndinene zoona: nsanje inandigwira laputopu ndisanaitsegule n'komwe. Ine katswiri ndalephera, wogulitsa nyemba n'kutha? Ndinalumikiza makina ake, anthu onse ataunjikana kumsana kwanga. Chizindikiro chinatuluka chofiira. Nditayang'ana chifukwa chake, ndinaona kuti tsiku lolandirira chilombocho linali la chaka chakalekale, gemuyo isanapangidwe n'komwe. Mtima wanga unakondwa, ndipo chimenechi n'chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero.

"Akulu, ichi n'chabodza," ndinatero mokweza.

"Chabodza bwanji, poti ndalandira ndekha?"

"Ndiye munalandira gemu isanabadwe? Ndinu mneneri kodi?"

Anthu anaseka. Iye sanaseke. Anavula kapu, naipinda m'manja, naivalanso.

"Taonaninso bwino, achimwene, chonde. Wallahi, sindinapite kwa munthu aliyense."

"Makina sanama, akulu. Amanama ndi anthu."

Namwino uja, mayi wodekha, anandikoka malaya n'kunena chapansipansi kuti, "Iwe, dikira dankha, tafufuza bwino." Ine ndinamuyankha kuti iye azisamala za majekeseni, za makompyuta andisiyire ine. Mkuluyo anatenga makina ake, natsanzika aliyense ndi dzanja, ngakhale ine, n'kumapita mvula ikuwaza.

Zikanathera pamenepo bwenzi zili bwinoko. Koma ine nditafika kunyumba ndinajambula chizindikiro chofiira chija n'kuchiponya pagulu lathu la pa foni, ndipo pansi pake ndinalemba kuti, "Mukamagula mpunga muziyamba mwaona deti." Ndinkadziona ngati wanthabwala kwambiri. Tinkhope toseka tinagwa ngati matalala.

Mbiri sigonera. Wina anaonetsa mkazi wake, mkaziyo anauza mnzake wogulitsa tomato, ndipo nkhani itafika mumsika inali itasintha kale. Anthu a mumsika gemu sakuidziwa. Iwo anangomva kuti mkulu wa kapu yoyera anamugwira ndi zinthu za feki, ndipo anamugwira ndi munthu wa makompyuta. Oyandikana naye anayamba kumuseka kuti, "Mpungawu ndi weniweni kapena ndi wa pa kompyuta?" Namwino uja anandiuza kuti anaona ndi maso ake mayi wina atagula nyemba kwa mkuluyo, n'kupita nazo pa sikelo ya munthu wina kukayezetsanso, mwini wake akuona. Anandiuza izi akundiyang'ana m'maso. Ine ndinangoti wakuba salira, ndi kusintha nkhani. Mkuluyo sanabwerenso ku Katoto, ndipo pagulu la pa foni anatulukapo mwakachetechete.

Patapita miyezi ingapo mayi anga anadwala kumudzi ku Rumphi, ndipo ndinakakhala nawo mwezi wathunthu. Makina anga anatsala m'dirowa mpaka batire linatheratu. Nditabwerera ndinawatchaja, ndi kusewera pang'ono m'mawa wina makasitomala asanabwere. Ndinagwira chilombo wamba, chosafunika n'komwe, ndipo mwachizolowezi ndinatsegula fayilo yake pa laputopu. Maso anga anagwera pa tsiku lochigwirira. Chinali chaka chomwe chija. Chaka chakalekale chija, gemu isanapangidwe.

Ndinakonza wotchi ya makinawo, n'kuchotsa batire, n'kudikira, n'kulibwezera. Wotchi inabwerera kuchaka chomwe chija. Ndinachitanso kachiwiri, ngati kuti makinawo asintha maganizo. Ayi ndithu. Makina akalewa batire likafa amaiwala tsiku n'kubwerera pamene anayambira kufakitale, ndipo chilombo chilichonse chimene walandira chimalembedwa tsiku lomwe makinawo akuganiza. Ine wotchi yanga ndinkaikonza nthawi zonse osaganizako, monga munthu wa ntchito yanga. Koma mkulu uja? Ndani anamuuza kuti mumakhala wotchi m'menemo? Anali ngati madalaivala a galimoto zochokera kunja, amene amayenda zaka wotchi ya m'galimoto ikunena nthawi ya kwina. Pulogalamu yanga inapangidwa ndi anthu okhala kumene magetsi sazima ndiponso mabatire amagulidwa atsopano. Iyo inangonena kuti tsiku silikugwirizana. Mawu akuti wabodza ndinawonjezera ndine.

Chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti njira yodziwira inali pomwepo. Ndikanangotsegula chilombo china chilichonse cha m'makina ake, ndikanaona kuti zonse zinali ndi chaka cholakwikacho. Inali ntchito ya mphindi imodzi. Iye anandipempha kuti ndionenso bwino, namwino anandipemphanso, koma ine ndinali nditapeza kale yankho lomwe mtima wanga unkafuna. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero, ndipo mwambiwu ndinkaudziwa kuyambira ku pulaimale.

Mungaganize kuti ndinathamangira kumsika tsiku lomwelo. Ayi. Ndinakhala nazo masabata awiri. Ndinkalowa mumsika kudzera pageti lina kuti ndisadutse pa mzere wa mpunga. Ndinkadziuza kuti nkhani inazizira kale, bwanji ndiidzutse? Ndinkadziuza kuti ndikaulula, gulu silidzandikhulupiriranso. Kunena mosabisa, ndinkaopa kusiya kukhala a majisitireti. Chakudya sichinkandikomera, ndipo makasitomala ndinkawakalipira popanda chifukwa, mpaka mkazi wanga anandifunsa ngati ndapha munthu. Nditamufotokozera anati, "Ndiye mukudikira kuti abwere iyeyo kudzakupepesani?"

Ndinapita Lachiwiri m'mawa. Ndinamupeza akupeta mpunga pa lichero, ataonda pang'ono kapena mwina ndi maso anga chabe.

"Monire, achimwene," anatero, ndipo ulendo uno anachinena malo ake.

Ndinafotokoza zonse nditaimirira, mawu akugundana m'kamwa: za batire, za wotchi, za chilombo changa. Ndinamuuza kuti chake chinali chenicheni, kuti wolakwa ndine, kuti andikhululukire. Ndinatulutsa laputopu m'chikwama.

"Bweretsani makina, akulu. Ndikonza wotchi, ndipo ndikalemba pagulu kuti chilombo chanu n'chenicheni. Loweruka mubwere nacho."

Anapitiriza kutola timiyala mumpunga kwa kanthawi.

"Kulibe," anatero.

"Kulibe chiyani?"

"Chilombocho. Ndinachimasula tsiku lomwe lija."

M'gemumo ukamasula chilombo chimapita chonse, palibe batani lochibwezera. Ndipo mphatso ija inali itatsekedwa kalekale.

"Koma bwanji, akulu? Inu munkadziwa kuti munalandira nokha!"

"Ndinkadziwa. Koma inu ndi amene mumadziwa makina. Ndinaganiza kuti mwina pali chimene ndinalakwitsa osazindikira, mwina ndinadina polakwika n'kulowetsa chakuba. Kwathu anatilera kuti chinthu ukachikayikira uchisiye. Nanga ndikanamusungira mwana wanga chinthu chabodza?"

"Mwanayo munamuuza?"

"Anabwera pa holide. Ndinamuuza kuti bambo ake anapusitsidwa. Anatenga makina ake n'kuwatsekera m'sutikesi, akuti ndisamawagwirenso ndingamuwonongere zina."

Sanakweze mawu, sanandinyoze. Ndikanakonda akanandimenya ndi lichero lija. Ndinamuuza kuti ndikhoza kumupangira china pa kompyuta, chofanana ndendende, palibe angadziwe. Mawuwo atangotuluka ndinamva kununkha kwake. Iye anandiyang'ana, n'kuseka pang'ono.

"A majisitireti," anatero.

Tsiku lomwelo ndinalemba pagulu la pa foni uthenga wautali wofotokoza zonse ndi kupepesa. Anayankha anthu atatu. Namwino analemba kuti "yewo" basi. Wina anaika kankhope koseka. Uthenga wopepesa suyenda ngati nthabwala, ndipo kumsika sunafike. Ndinapita ndekha kwa oyandikana naye awiri kukawauza kuti nkhani ija inali yolakwika, koma nditayamba za mabatire ndi mawotchi anangondiyang'ana ngati wamisala. Mmodzi anati, "Nkhani iti? Ya feki ija?" Udindo woyesa zilombo ndinausiya. Masiku ano munthu akandifunsa ngati chilombo chake n'chenicheni, ndimamuuza zimene makina aonetsa, n'kumufunsa kuti batire lake linafapo liti.

Mpunga ndimagulabe kwa iye. Mwina ndimadzilanga, sindikudziwa. Amandilandira bwino, amafunsa za mayi anga, koma za Loweruka sitinenapo. Ndinaona kuti sikelo yake, imene kale inkakhala cham'mbali osaiganizira aliyense, tsopano amaiika kutsogolo penipeni. Sabata yatha ndinagula makilogalamu awiri. Anathira mpunga, natembenuza sikelo kuti nambala ziyang'ane kwa ine, monga amachitira tsopano ndi kasitomala aliyense.

"Musavutike, akulu," ndinatero. "Ine ndimakukhulupirirani."

"Ayi, achimwene, taonani," anatero, dzanja lili pa sikelo. "Onani bwino."